Kakwezedwe ndi kamangidwe ka akasinja m'sitima imene kale inkanyamula makontena

Tsiku loyamba limene ndinalowa m'mimba mwa sitima yonyamula magalimoto a nkhondo, padoko lina ku Texas, kapitawo wathu sanandipatse tcheni. Anandipatsa tochi, choko ndi tepi yoyezera, n'kundiuza kuti ndizimutsata. Tinayamba pamwamba mpaka kutsikira pansi penipeni pamene pamamveka madzi akugunda chitsulo. Panja malole ali ndandanda, asilikali akuponda ponda, ife tikungoyeza zitseko ndi kulemba manambala pazipilala. Mkuluyo anandiuza chinthu chimodzi chokha m'mawa wonsewo: kuti sitimayi inabadwa ina, anthu anachita kuisandutsa, ndipo amene sakudziwa chimene inali kale adzaiswa kapena idzamuswa. Zimene ndikulemba pano ndi za inu amene mwapeza ntchito yapadoko kapena mukuifuna, kuti musadzayambe ndi tcheni.

Yambani mwadziwa kumene sitimayo inachokera

Zambiri mwa sitima zimene dziko la America limasamutsira akasinja ndi malole a asilikali sizinapangidwire nkhondo. Zotchuka kwambiri ndi zisanu ndi zitatu zimene poyamba zinkatchedwa SL-7. Kampani ya Sea-Land inazipangitsa ku Netherlands ndi ku West Germany mu 1972 ndi 1973 kuti zizithamangitsa makontena panyanja ya Atlantic ndi Pacific. Iliyonse inali yaitali mamita 288, ndipo inkatha kuthamanga liwiro la makilomita pafupifupi 61 pa ola, lomwe kwa sitima yakatundu ndi liwiro la misala. Koma injini zake za nthunzi zinkamwa mafuta ngati mchenga, ndiye mtengo wa mafuta utakwera kuyambira mu 1973, malonda anasiya kupindula. Asilikali apamadzi a America anazigula mu 1981 ndi 1982, nazipereka kumalo okonzera sitima ku San Diego, ku New Orleans ndi ku Chester m'chigawo cha Pennsylvania. Zinatuluka ndi mayina a nyenyezi: Algol, Bellatrix, Denebola, Pollux, Altair, Regulus, Capella ndi Antares.

Sitima ya makontena mkati mwake imakhala ngati nkhokwe zakuya zogundizana, makontena n'kumatsitsidwa kuchokera pamwamba ndi kireni. Mulibe msewu, mulibe poyenda tayala. Kuti galimoto ilowe yokha ndi kutuluka yokha, amisiri anachotsa zitsulo zowongolera makontena pakati pa sitimayo, n'kuyala nsanjika zachitsulo zimene ife timangoti madeki. Anaboola zitseko m'nthiti zonse ziwiri, anaika timilatho totsetsereka tolumikiza deki ina ndi inzake, anawonjeza makireni ndi malo oterapo helikoputa. Chakumbuyo anasiyako malo okwezera katundu ndi kireni monga kale.

M'zaka za m'ma 1990 anachitanso chimodzimodzi ndi sitima zina zisanu za ku Denmark. Zitatu zinali za kampani ya Maersk, ziwiri zinali Jutlandia ndi Selandia za East Asiatic Company. Ziwirizi zinasanduka Gordon ndi Gilliland, ndipo yoyamba mwa zitatu zija inasanduka Shughart. Gordon ndi Shughart ndi mayina a asilikali awiri amene anafera ku Mogadishu, ku Somalia, mu October 1993. Zisanuzi anaziika rampu yaikulu kumatako, mlatho wotsetsereka wokwererapo magalimoto wotha kupotokera mbali, pamene za SL-7 mumalowera m'nthiti.

N'chifukwa chiyani womanga matcheni ayenera kudziwa zonsezi? Chifukwa mafupa akale aja akadalimo. Sitima zija zimene zimabweretsa magalimoto athu a ku Japan ku Dar es Salaam ndi ku Durban zinajambulidwa kuyambira pachiyambi kuti muziyenda magalimoto, choncho njira zake n'zowongoka. M'sitima yosinthidwa, khoma lotchinga madzi lili pamene linali kale, chipinda cha injini chili pamene chinali kale, ndipo msewu unachita kuzemba zimenezi. Mupeza chipilala pakona penipeni pamene lole ikufuna kukhota, chitseko chimene ndi chachifupi kuposa deki imene mukuchokera, ndi deki imene imapanikizika kutsogolo chifukwa sitima yaliwiro imakhala yosongoka ngati bwato. Papepala malo amaoneka ambiri, koma muzidziwiratu kuti mwina gawo limodzi mwa magawo anayi lidzatayika m'makona, m'njira zothawira moto ndi m'mipata ya matcheni.

Kuyenda ndi tepi

Musanalole galimoto ngakhale imodzi kukwera, yendani njira yonse imene idzadutse. Yezani kutalika ndi kutambalala kwa chitseko chilichonse, ndipo muziyeza mpaka pa chinthu chotsikitsitsa, kaya ndi paipi yozimitsira moto, nyale kapena chitsulo chopingasa. Lembani ndi choko pamalo oonekera. Funsani chief mate, amene ndiye mwini katundu yense m'sitima, akuonetseni pepala losonyeza kulemera kumene deki iliyonse ndi rampu iliyonse ingapirire. Musachite manyazi kufunsa kawiri. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza atsopano. Kasinja wa Abrams amalemera matani oposa 60, koma ndi wamfupi, sakwana mamita atatu kupita m'mwamba. Malole ambiri ndi opepuka kumuyerekeza koma ndi aatali kumuposa, makamaka akasenza kanyumba kapena kontena. Ndiye kasinja vuto lake ndi pansi pamene waponda, lole vuto lake ndi denga. Mukangoganiza kuti "chachikulu chipite ku deki yaitali" mudzadzaza malo a malole ndi akasinja, malolewo n'kusowa kolowa.

Poyendapo muziyang'ananso pokolera matcheni. Pali mphete zowotcherera padeki, ndipo pali timabowo tooneka ngati duwa la masamba anayi tolowetsamo mutu wa tcheni. Penti yatsopano isakunamizeni, chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere. Gogodani ndi hamala. Mphete yodyeka ndi dzimbiri kapena bowo lotanuka, lizungulizeni ndi choko chofiira ndipo muuze apasitima. Pomwe pali mafuta otayika pathiridwe zoumitsa ndi kusesedwa, chifukwa tayala kapena nsapato yanu ikaponda pamenepo palibe buleki imene ingagwire.

Galimoto ikonzedwe ikadali panja

Ntchito imeneyi ndi ya asilikali eni, koma inu ndi amene mudzavutike ikalakwika, choncho muziyendera mzere wonse. Magalasi oonera kumbuyo apindidwe, mawaya a wailesi atsitsidwe, matenti ndi zitsulo zake achotsedwe ngati akuwonjeza msinkhu. Mutu wa kasinja ukhomedwe kuti usazungulire ndipo mfuti imangidwe. Katundu wa m'lole amangidwe payekha, chifukwa mutha kumanga lole bwinobwino koma jenereta imene ili pamsana pake n'kuthyola bodi pakati panyanja. Mafuta m'thanki asapitirire magawo atatu mwa anayi, kuti sitima ikapendama kapena kukatentha asasefukire. Galimoto yodontha mafuta kapena yopanda mabuleki ibwerere kwa amakaniko; musamve chisoni, ngakhale bwana wake atadandaula bwanji.

Ndipo yezani nokha. Pepala limene limamatidwa pagalimoto limanena kulemera ndi msinkhu wake, koma nthawi zambiri manambalawo anakopedwa m'buku, galimoto isanawonjezeredwe zitsulo zoteteza kapena katundu. Ndinaphunzira izi movutika. Lole ina yaitali, yokoka ngolo, pepala lake linkasonyeza kuti ikwana pachitseko cha deki yapansi ndipo patsala mpata wa chikhatho chimodzi. Ndinaikodola kuti ibwere. Mutu unatsika bwino, koma pamene rampu imapindikira kukumana ndi deki, matayala akutsogolo anali atafika pathyathyathya akumbuyo akadali pamtunda, ndiye pakati pa ngoloyo panatukuka. Ndinamva kulira kwa chitsulo pamwamba, ndinaimika dalaivala, koma denga la kanyumba linali litakanirira kale pachitsulo chopingasa. Kutsogolo sikukanatheka, kumbuyo kunali malole khumi ndi awiri atadzaza rampu. Tinaphwetsa matayala, tinabweza mzere wonse chambuyo imodzi imodzi, ndipo panapita maola atatu sitima yonse itaima. Kuyambira tsiku limenelo, galimoto yaitali ndimaiwerengera mpata wowonjezera pamapindiko onse a rampu, ndipo ndimaika munthu pamwamba woyang'ana denga lokha.

Ndani alowe poyamba

Lamulo lake ndi la ngolo ya chimanga: thumba limene mukufuna kudzatsitsa poyamba mumaliika pomaliza. Funsani kuti kumene akupitako adzafuna chiyani msanga. Kawirikawiri ndi magalimoto okoka anzawo akafa, mafoloko onyamulira katundu ndi amakaniko. Amenewa akhale pafupi ndi chitseko. Galimoto imene mukuikayikira kuti siidzalira ikakhala milungu itatu osayenda, musaiike pakhosi pa njira, chifukwa idzatsekereza zonse zili kumbuyo kwake. Ngolo iliyonse ikhale moti mutu woikoka udzathe kuifikira.

Zolemera zimapita pansi, zopepuka pamwamba, ndipo kumanja ndi kumanzere kuzidzaza mofanana pamene mukukweza, osati kumaliza mbali imodzi kaye. Akasinja anayi akangopita mbali imodzi, ndiye kuti matani oposa 240 apendamitsa sitima, rampu yapotoka, ndipo ntchito iyenera kuima mpaka apasitima asamutse madzi m'matanki apansi. Chief mate akati imani, imani pomwepo. Mukasintha malo a galimoto yolemera kusiyana ndi pulani, muuzeni, chifukwa masamu ake a kakhazikikidwe ka sitima amadalira zimene inu mwamuuza. Amene amaona ngati izi n'zamabuku akumbukire Golden Ray, sitima ya magalimoto imene inagwa cham'mbali mu September 2019 itangotuluka padoko la Brunswick m'chigawo cha Georgia ku America, nyanja ili bata, chifukwa cha kulakwitsa kuwerengera madzi a m'matanki aja.

Muziyang'ananso madzi apadoko. Kunyanja ya mchere madzi amakwera ndi kutsika tsiku lililonse, komanso sitima imamira pang'onopang'ono pamene ikulemera. Rampu imene inali yabwino m'mawa ikhoza kukhala phiri masana, ngolo zotsika mimba n'kumakhula pansi. Magalimoto otere muziwasungira ola limene rampu yagona bwino.

Mkati mwa sitima

Dalaivala wa kasinja amaona kachigawo kakang'ono kutsogolo kwake, m'mbali ndi kumbuyo ndi wakhungu. Maso ake ndi inu. Wokodola akhale mmodzi yekha, ndipo dalaivala auzidwe kuti akangosiya kumuona aime. Musayende chambuyo pamaso pa galimoto; pitani patsogolo, imani pamalo pamene muli ndi kothawira, kenako muikodole. Musaime pakati pa galimoto ndi khoma, kapena pakati pa magalimoto awiri, kapena kumunsi kwa galimoto ili pa rampu. Pa rampu pazikhala galimoto yolemera imodzi, inayo idikire mpaka njira yayera.

Utsi ndi mdani amene samveka kubwera kwake. Mafani onse akhale akulira injini yoyamba isanalizidwe, ndipo galimoto ikafika pamalo pake izimitsidwe nthawi yomweyo. M'sitima yosinthidwa muli makona ena amene mpweya sufikako bwino, makamaka kutsogolo kopanikizika kuja ndi pansi penipeni. Mnzathu wina, bambo wamphamvu amene sankadandaula kanthu, tinamupeza atakhala pansi kuseri kwa lole atagwira mutu, akunena kuti wangotopa. Tinamutulutsa panja, ndipo kachipangizo koyezera mpweya titakafikitsa pakonapo kanalira. Mutu ukayamba kuwawa kapena mukamva chizungulire, tulukani ndipo muuze anzanu, musadikire nthawi ya chakudya.

Poimika, siyani mpata woti munthu adutse ndi tcheni ndiponso woti dalaivala atsegule chitseko. Musatseke makwerero, zitseko zothawira ndi zida zozimitsira moto. Buleki yamanja ikokedwe, magetsi a batire azimitsidwe, matayala apingidwe. Pamene chitsulo cha galimoto chikugunda chitsulo cha deki, monga miyendo ya ngolo, mpeni wa buldoza kapena malamba achitsulo oyendera kasinja amene mphira zake zinatha, yalani matabwa. Chitsulo pa chitsulo chimaterera ngati sopo.

Tsopano tcheni

Chiwerengero cha matcheni musachilote. Sitima iliyonse ili ndi buku lake la kamangidwe ka katundu, asilikalinso ali ndi mabuku awo a zithunzi osonyeza galimoto iliyonse. Kagalimoto kakang'ono sikachepera matcheni anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, ndipo kulemera kukamakwera matcheni amachuluka komanso amakula. Tcheni lililonse lili ndi mphamvu yake yolembedwa. Lopindika, long'aluka kapena limene loko wake sagwira, liponyeni pambali pamene wina sangalitolenso.

Kolani pamalo amene anapangidwira zimenezo. Magalimoto a nkhondo ali ndi makutu achitsulo kutsogolo ndi kumbuyo, omwe mumalowetsamo shackle, kachitsulo kokhota kotsekedwa ndi bawuti kolumikizira tcheni. Musakole pa bampala, pa ekiselo, pa chitsulo cha chiwongolero kapena pamene tcheni lidzafinya paipi ya mabuleki. Tcheni lichoke pagalimoto motsetsereka, osati choimirira ndiponso osati chogona kwambiri, ndipo lilowere cham'mbali ndithu. Loimirira limangokanikiza galimoto pansi koma silingailetse kuterereka. Lolunjika kutsogolo kokha siligwira kanthu sitima ikamagudubuzika. Pajatu mphamvu yaikulu panyanja imabwera cham'mbali, ndipo imakula mukamakwera madeki apamwamba ndi kumapeto kwa sitima. Galimoto ya kumalo amenewo ndimaimanga mosaumira. Pamene mpata ndi wochepa, pingasitsani matcheni, la kumanja lipite kumanzere, la kumanzere lipite kumanja, koma asakhulane okhaokha kapena ndi thupi la galimoto.

Mangani mofanana. Chimene mwachita kumanja muchitenso kumanzere, utali womwewo, kupendama komweko. Tcheni limodzi likakhala lalifupi ndi lokungika kuposa anzake, limasenza lokha katundu yense, limaduka, kenako linzake limatsatira, mpaka galimoto yamasuka. Pokunga muzizungulira: pang'ono apa, pang'ono pangodya yoyang'anana nayo, mpaka onse afanane. Ine ndimamaliza ndi kuliponda ndi jombo. Tcheni lokungika bwino limanjenjemera n'kulira mowuma. Lolobodoka limangogwedera ndi kuyankha mogonthera. Mukatero tsekani loko wa chokungira ndipo mchira wotsala muukulunge kuti usakole munthu mwendo.

Magalimoto a matayala ali ndi khalidwe lina loti muzilikumbukira. Amakhala pa masipuling'i ndi pa mpweya, ndiye sitima ikamadumpha mafunde thupi la galimoto limatsika ndi kukwera, tcheni n'kumamasuka ndi kukoka modzidzimutsa. Kukoka kotereku ndi kumene kumadula zitsulo. Kungani mpaka masipuling'i atsikeko pang'ono. Tayala limene likutuluka mpweya pang'onopang'ono lidzamasula matcheni a mbali yake pakatha masiku awiri, choncho mukaliona lilembeni ndi kuuza apasitima. Ngolo yopanda mutu isadalire miyendo yake yokha, iikiridwe chochirikiza pansi.

Anthu ena amati, "Ulendowu ndi wa masiku ochepa, nyengo ili bwino." Mawu amenewa sindimawalola pagulu langa. Mu August 1990, sitima za SL-7 zija zitanyamula zida za gulu la asilikali la 24th Infantry Division kuchokera ku Savannah kupita ku Saudi Arabia, Antares inafa injini panyanja ya Atlantic. Anachita kuikoka mpaka ku Rota, ku Spain, ndipo katundu wake anamusamutsira mu Altair. Sitima yopanda injini siingalozetse mphuno kumafunde, imangogona chopingasa n'kumagudubuzika, ndipo pamenepo chilichonse chili pa matcheni amene munthu wina anakunga padoko. Kumayambiriro kwa 2003, zida za 4th Infantry Division zinakwezedwa ku Beaumont ndi ku Corpus Christi, madoko a ku Texas, kuti zikatsikire ku Turkey. Nyumba ya malamulo ya dzikolo inakana pa 1 March, sitimazo zinakhala zikudikira panyanja ya Mediterranean kwa milungu, kenako zinadutsa ngalande ya Suez kukatsitsira ku Kuwait. Amene ankamanga ku Texas sankadziwa kuti matcheni awo adzagwira nthawi yonseyo, ngakhale doko limene adzamasulidwire.

Kupereka ntchito

Deki ikadzaza musathamangire ina. Yendani mzere uliwonse ndi tochi, awiri awiri, wina kumanja wina kumanzere, mukuponda tcheni lililonse ndi kuyang'ana pansi pa galimoto ngati pakudontha. Tolani matabwa, ma shackle ndi matcheni otsala muwabwezere m'mabokosi ake, ndipo mabokosiwo amangidwenso. Shackle imodzi yosiyidwa padeki imayenda usiku wonse n'kuboola thanki ya mafuta. Onetsetsani kuti palibe tcheni kapena tayala limene latsekereza chitseko chotchinga madzi. Deki ya magalimoto ndi bwalo lalikulu, ndipo madzi akalowamo amathamangira mbali imodzi onse pamodzi. Ndi zimene zinagwetsa sitima ya Herald of Free Enterprise ku Zeebrugge, ku Belgium, mu 1987, itanyamuka zitseko zakutsogolo zili zotsegula, anthu 193 n'kufa.

Pomaliza itanani chief mate kapena womuimira ayende nanu. Muonetseni magalimoto amene mwawasuntha kusiyana ndi pulani, mphete zimene munazizunguliza ndi choko chofiira, tayala lokayikitsa lija, ndi kona imene mpweya umavuta. Apasitima ndi amene adzayendere matcheniwo tsiku ndi tsiku panyanja ndi kuwakunganso, makamaka tsiku loyamba pamene zonse zikukhazikika komanso namondwe asanafike, ndiye adziwe poyambira. Ine ndimawasiyira kapepala kolemba pamanja, deki ndi deki, nambala ya chipilala ndi chimene chili pamenepo, ndipo sindisaina pepala lawo mpaka titatsika limodzi kudeki yapansi penipeni ndi kubwerako.